Mmene banja lingapezere nkhalamba za kuthambo pagombe la Chintheche

Kuyambira ku Kande, kudutsa pa Chintheche mpaka ku Usisya, palibe khomo limene silidziwa pamene mwezi uli. Mwezi ukawala usodzi wa nyali umagona ndipo ndiwo zimakwera mtengo. Ukalowa mumdima maboti amatsikira pamadzi, m'mawa mathandala n'kuyera mbuu ndi usipa. Kalendala imeneyi, imene mwana wa kunyanja amakula nayo, ndi yomweyo imene akatswiri a zakuthambo amatsata akafuna kuona zinthu zosawala kwambiri. Mdima umene a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anautaya chifukwa cha magetsi ife tikadali nawo, ndipo ndi wokwanira kuti banja lione ndi maso okha nyenyezi zimene zinabadwa zaka pafupifupi 12 biliyoni zapitazo, dzuwa ndi dziko lathu kulibe. Ndalama sizifunika. Chofunika ndi kudziwa mwezi wake, mbali yoyang'ana, ndi kudekha kwa theka la ola, kumene ndiye kumavuta pakhomo pamene pali foni.

Tidziwe kaye chimene tikusakacho. Mlalang'amba, mzere woyera uja umene umapingasa pamutu m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti, ndi khamu la nyenyezi zoposa 100 biliyoni, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa izo. Zambiri zili m'chimbale chophwatalala chimene chimazungulira. Ife tili m'kati mwa chimbalecho, n'chifukwa chake timachiona cham'mbali, chooneka ngati mzere. Koma pamwamba ndi pansi pa chimbalecho, mbali zonse, muli nyenyezi zina zomwazikana patalipatali, chigawo chimene akatswiri amachitcha halo. Kumeneko ndiye kumudzi kwa nkhalamba. Kulibe mpweya ndi fumbi zokwanira kuti nyenyezi zatsopano zibadwe, choncho zimene zilikozo ndi zotsala za pachiyambi. Zina zimayenda zokhazokha, zina zinaunjikana m'milu yobulungira, mulu umodzi wokha nyenyezi masauzande mazanamazana, wina mpaka mamiliyoni. Milu yotere yodziwika mu mlalang'amba wathu ilipo yoposa 150, ndipo iwiri yowala kuposa yonse ili kuthambo la kum'mwera. Munthu wa ku London angakhale ndi telesikopu yodula bwanji, pakhomo pake saiona n'komwe.

Musanatuluke panja, dzerani kaye pambaula ana akuona. Khala la moto likamazilala limafiira psuu. Mukaliuzira limasanduka lachikasu, penapake kuyera kumene. Nyenyezi nazo lamulo lake ndi lomweli: yofiira ndiyo yozizirako, yachikasu ili pakati, yoyera mobiriwira ndiyo yotentha koopsa. Khungu la dzuwa limatentha madigiri pafupifupi 5,500, pamene nyenyezi zofiira zimene tikusakazi zili pakati pa 3,500 ndi 4,500.

Nanga chozizirako chiwala bwanji mpaka kuoneka kutali chotero? Nyenyezi imawala chifukwa pamtima pake mpweya wa haidrojeni ukusandulika hiliyamu. Haidrojeni wa pamtimayo akatha, moto umasamukira m'mbali mozungulira mtimawo, ndipo nyenyezi yonse imafufuma, kukula kuwirikiza makumi, ina mazana. Khungu limazizirako n'kufiira, koma poti thupi lakula kwambiri, kuwala konse pamodzi kumachuluka, moti ina imafika powala ngati madzuwa 2,000. Zimenezi ndi zimphona zofiira. Dzuwa lathu lili ndi zaka 4.6 biliyoni ndipo lidzafika pamenepo pakapita zaka zina pafupifupi 5 biliyoni. Nyenyezi zolemera kwambiri sizidikira choncho: zimayaka mosakaza n'kutha m'zaka mamiliyoni makumi ochepa chabe. Ndiye mu mulu wa zaka 12 biliyoni, zolemera zonse zinafa kalekale. Zatsala zopepuka, ndipo pa zotsalazo zowala kwambiri ndi zimene zafika pa uchimphona tsopano lino. Gawo lalikulu la kuwala kumene diso lanu lidzalandire kuchokera ku mulu wotere ndi la zimphona zimenezi.

Nyengo yabwino yosakira nyenyezizi ndi yozizira. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi muno, ndipo kuno imachedwa kukata, chaka china mpaka Meyi. Ikangokata thambo limakhala losamba bwino mpaka Ogasiti. Pofika Sepitembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umaphimba m'munsi mwa thambo, nyenyezi zosawala n'kuzimiririka. Mwera uli pawiri. Tsiku lina umabwera ndi mitambo ndi kamvula kowaza, tsiku lina umasesa thambo lonse n'kulisiya mbee, uku utatsekereza maboti kumtunda. Usiku wotero, nyanja ikuwinduka, asodzi akuwotha moto modandaula, ndiwo usiku wabwino koposa kwa woyang'ana kumwamba. Ana avale majuzi basi.

Za mwezi, yambani patapita masiku atatu kapena anayi utakhala wathunthu. Umachedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, kotero pofika tsiku lachinayi mumakhala ndi maola oposa awiri a mdima wandiweyani madzulo, ana asanayambe kusinza. Mpata umenewu umapitirira mpaka mwezi watsopano utakula masiku atatu kapena anayi. Ngati kalendala ya pakhoma ilibe zithunzi za mwezi, musavutike. Pitani padoko mukafunse siginala kapena msodzi aliyense kuti, “Ada, mdima uyamba liti?” Sangaphonye.

Vuto n'lakuti usiku wa mdima ndiwonso usiku wa nyali. Amati David Livingstone, amene anafika panyanjayi mu 1859, ndiye anaitcha nyanja ya nyenyezi ataona miyuni ya asodzi, ndipo chikondwerero cha Lake of Stars, chimene chinayambira pa Chintheche mu 2004, chinatenga dzina pamenepo. Koma nyali za masiku ano si zija za palafini zowala mwachikasu. Ndi mababu a batire oyera ngwee, ndipo akandandalika kum'mawa konse amathobwa m'maso. Mwayi wake, zimene tikufunazi zili kum'mwera, kumpoto ndi pamutu. Khalani pamalo poti khoma la nyumba, mpanda kapena boti lovundikira likutchingireni kum'mawa, nyalizo zisalowe m'maso.

Pa Chintheche ndi pa Kande mchenga ndi wotakasuka, ndipo kudziwa mbali n'kosavuta: mukayang'ana kunyanja, dzanja lamanja ndiko kum'mwera. A ku Mpamba, amene nyanja ili nawo patali ndipo azunguliridwa ndi zitunda ndi mitengo, asankhe bwalo la mpira kapena la sukulu lotalikirana ndi msewu wa ku Mzuzu, chifukwa galimoto imodzi yokha ikakuwalitsani m'maso, mwayambiranso kudikira. Ku Usisya ndiye kuli mdima weniweni, koma mapiri aja ali kumbuyo amameza msanga chilichonse chotsikira kumadzulo. Kumeneko yambani kukangoda, makamaka mu Ogasiti.

Musakhale m'mphepete mwenimweni mwa madzi, makamaka pafupi ndi bango kapena pamene mtsinje ngati Luweya ukuthira m'nyanja. Ng'ona sizigona, ndipo mvuu zimatuluka usiku kukadya. Unikani kaye pamalopo musanayale mphasa. Udzudzu nawo sudziwa za nyenyezi: malaya a manja aatali, nsalu m'miyendo, ndipo pomaliza aliyense m'neti mwake. Komanso uzani anansi. Banja lonse litakhala chete mumdima, likuloza kumwamba, ndi nkhani yoti mawa lake ingamveke mosiyana kuchigayo. Kuli bwino kuwaitana abwere ndi mphasa zawo, ndipo ngati mukupita pabwalo la sukulu dzerani kaye kwa ahedi ndi kwa amfumu. Pomwepo muwachenjezeretu kuti aona tinyenyezi tikuyenda mwakachetechete, nthawi zina tambiri motsatana pamzere. Si ndege za aja oyenda usiku ayi. Ndi masetilaiti, ambiri mwa iwo a Starlink, amene dzuwa limawawalira kukangoda kumene ndi m'bandakucha.

Tsopano maso. Diso la munthu limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima, koma kuyang'ana pafoni kamodzi kokha kumafafaniza zonsezo. Zimitsani babu la sola la pakhonde. Mafoni onse alowe m'thumba limodzi, asunge ndi agogo, poti iwo palibe angawalande. Tochi ikhale imodzi, yokulungidwa kumutu ndi kansalu kapena kapepala kofiira, chifukwa kuwala kofiira sikusokoneza diso kwambiri. Podikirapo phunzitsani ana muyeso wa kuthambo: tambasulani mkono, fumbatani chibakera. Chibakera chimodzi chimaphimba madigiri pafupifupi 10, kaya ndi cha mwana kaya cha wamkulu, poti wa dzanja laling'ono mkono wake ndi waufupinso. Kuchokera pamene thambo lakumana ndi nyanja kufika paliwombo ndi zibakera zisanu ndi zinayi.

Yang'anani kum'mwera cha m'ma 8 koloko madzulo, kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni. Zibakera zinayi kuchokera pansi muona nyenyezi zinayi zopanga mtanda woimirira. Kumanzere kwake, mbali ya kunyanja, kuli nyenyezi ziwiri zowala kwambiri zoloza kumtandako. Ziwirizi ndizo chizindikiro chakuti mwapeza mtanda weniweni, chifukwa chakumanja kuli mtanda wina wokulirapo koma wosawala, umene umanamiza ambiri. Umenewo ulibe zoulozera. Pa ziwirizo, yakutali ndi mtanda ndi Alpha Centauri, imene kuwala kwake kumatenga zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kufike kuno. Yapafupi ndi mtanda ndi Hadar.

Musafulumire kuchoka pamtandapo. Fanizirani nyenyezi ya kumutu kwake ndi zitatu zinazo. Zitatuzo ndi zoyera mobiriwira, koma ya kumutuyo, yotchedwa Gacrux, ndi yofiirira. Chimenecho ndiye chimphona chofiira chanu choyamba. Kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 88, kotero ngati m'mudzi muli gogo wa zaka zimenezo, kuwala mukuonako kunanyamuka iye akubadwa.

Kuchokera apa, jambulani pamchenga kuti aliyense amvetse. Dontho limodzi ndi Gacrux, lachiwiri ndi Hadar. Pakati pake pali chibakera chimodzi ndi kachidutswa. Ikani dontho lachitatu pamwamba pa awiriwo, lotalikirana ndi lililonse mofanana, kuti papangike makona atatu. Kwezani maso, mupeze malo a dontho lachitatulo kuthambo. Pamenepo pali kanyenyezi kosaoneka bwino, kosathwanima, kokhala ngati wina wakafufuta ndi chala. Ameneyo ndi Omega Centauri. Mu Julaye ndi Ogasiti mtanda umakhala utapendekera kumanja, koma makona atatuwo sasintha. Dontho lachitatu nthawi zonse limakhala mbali imene mutu wa mtanda waloza.

Njira ina ndi yapaderadera kwa ife a kuno. Pali nyenyezi yowala, yoyera mobiriwira, yotchedwa Spica, imene imadutsa paliwombo penipeni pa anthu a m'boma lino, makamaka a ku Usisya. Kumayambiriro kwa Juni imafika pamenepo cha m'ma 8 koloko. Ikafika, tsikani nayo molunjika kum'mwera zibakera zitatu ndi theka, ndipo mugwera pa Omega Centauri.

Mwana akafuula kuti, “Agogo, ndakaona, koma ndikakayang'ana kakuthawa!” musamutsutse, wanena zoona. Pakati pa diso ndi pamene timaonera mitundu masana, koma mbali yoona bwino mumdima ili m'mphepete. Muuzeni ayang'ane pambali pang'ono, ngati akuba ndi diso, ndipo kachifungako kabwerera, kokulirapo kuposa poyamba.

Kachifunga kameneka ndi nyenyezi pafupifupi 10 miliyoni zounjikana pamodzi, mulu waukulu kuposa yonse mu mlalang'amba wathu. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, komabe kuti kudutse muluwo kuchokera mbali ina kufika ina kumatenga zaka pafupifupi 150, ndipo kuti kufike pa Chintheche kwatenga zaka pafupifupi 17,000. Kunanyamuka anthu asanayambe kulima kulikonse padziko lapansi. Ptolemy wa ku Alexandria, cha m'ma 150, anaulemba ngati nyenyezi imodzi, ndipo anthu anakhulupirira choncho mpaka Edmond Halley atauyang'ana ndi telesikopu ali pachilumba cha St Helena mu 1677. Lero akatswiri ambiri akuganiza kuti si mulu wamba. Nyenyezi zake sizili ndi chitsulo chofanana monga zimakhalira m'milu ina yambiri, ndipo umazungulira mlalang'amba mobwerera, mosemphana ndi dzuwa. Zikuoneka kuti ndi mtima wa kamlalang'amba kena kamene wathuwu unakameza kalekale n'kukasenda nyenyezi zakunja zonse. Kuti kumezana kotere kunachitikadi, setilaiti ya Gaia, imene inaponyedwa mu 2013, inapereka umboni mu 2018: nyenyezi zambiri za mu halo zinabwera ndi mlalang'amba wina umene unagundana ndi wathu zaka pafupifupi 10 biliyoni zapitazo.

Apa ndinene mosabisa, chifukwa ambiri amakhumudwa. Zithunzi za pa intaneti zimaonetsa muluwu uli waliwali, nyenyezi zofiira ndi zabuluu payokhapayokha. Diso silidzaona zimenezo. Ngakhale pa magalasi oonera patali a maso awiri, aja amati bayinokyula, mudzaona mpira wa chifunga, wowala pakati, wozilala m'mphepete, waukulu pafupifupi ngati mwezi wathunthu. Kuti zimphona zake ziyambe kupatukana, pafunika telesikopu ya galasi lotambalala masentimita 10 kapena kuposerapo. Koma kwa ine mpira wachifungawo ndi wokwana, ndipo bayinokyula ndi chinthu choyenera kuitanitsa. Makomo ambiri kuno ali ndi wachibale ku Joni. M'malo mwa sipika ina ya nyimbo, muuzeni abwere ndi yolembedwa 7x50 kapena 10x50. Nambala yoyamba ikunena kuti imakulitsa kangati, yachiwiri ndi kutambalala kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, ndipo usiku yachiwiriyo ndiyo yofunika. Poyang'ana, tsamiritsani zigongono pa bwato kapena gonani chagada pamphasa, chifukwa manja olendewera amanjenjemera. Yambani mwapotokola kagudumu ka pakati mukuyang'ana nyenyezi yowala mpaka itasanduka kadontho kakuthwa.

Tembenukani tsopano muyang'ane kumpoto. Mu Juni, nthawi yomweyo ya 8 koloko, zibakera zisanu ndi chimodzi kuchokera pansi pali nyenyezi yowala kwambiri ya mtundu wa lalanje. Ndi Arcturus, yachinayi pa kuwala usiku wonse, ndipo palibe chimphona chofiira china chooneka bwino kuposa ichi. Kulemera kwake ndi kofanana pafupifupi ndi dzuwa, koma ndi yakale kuposa dzuwa, zaka pafupifupi 7 biliyoni, ndipo inafufuma kale: m'mimba mwake ndi motambalala ka 25, kuwala kwake ngati madzuwa 170. Amene akufuna kudziwa mmene dzuwa lidzaonekere likadzakalamba ayang'ane pamenepo. Kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 37. Si ya mu halo yeniyeni, ndi ya m'badwo wakale wa m'chimbale, koma mayendedwe ake ndi achilendo: ikutidutsa pa liwiro la makilomita oposa 100 pa sekondi. Halley yemwe uja, mu 1718, anazindikira kuti yasuntha pamalo pamene akale anailemba.

Chimphona cha mu halo choyenda chokha, chosakhala mu mulu, chilipo chimodzi chimene wa bayinokyula angachipeze. Kuchokera pa Arcturus lowerani cha ku Spica chibakera chimodzi. Pamenepo pali kanyenyezi kozilala kotchedwa HD 122563, kamene kali pamalire a zimene diso lingaone palokha. Pozungulira pali tina tofanana nako, choncho apa ndiye pofunika mapu a nyenyezi a pafoni, monga Stellarium, mutaika kuwala kofiira. Kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 1,000. Chitsulo chimapangidwa m'kati mwa nyenyezi, n'kumwazika zikafa, ndipo zobadwa pambuyo zimachitola. Dzuwa linabadwa mochedwa, linapeza chitsulo chili mbwee. Kanyenyezi aka kanabadwa mibadwo yoyambirira itangofa kumene, moti pa maatomu achitsulo mazana angapo alionse a m'dzuwa, iko kali ndi imodzi yokha. Umu ndi mmene akatswiri amazindikirira nkhalamba yeniyeni, osati poona kufiira kokha.

Pakuti kufiira kumanamiza. Mu Meyi ndi Juni madzulo, pamwamba pa nyanja pamatuluka gulu la nyenyezi lopindika mchira lotchedwa Chinkhanira, ndipo pofika kumapeto kwa Julaye limakhala pafupifupi pamutu. Pachifuwa pake pali nyenyezi yofiira kuposa Arcturus, dzina lake Antares. Ana adzaloza imeneyo kuti ndiyo gogo wa zonse. Ayi ndithu, ndi khanda. Ndi ija yolemera yoyaka mosakaza, ndipo sinafike zaka 20 miliyoni. Mafupa a chinyama chakale chotchedwa Malawisaurus amene anafukulidwa ku Karonga ndi akale kuposa iyo kasanu kapena kuposerapo. Nkhalamba ili pambali pake: lozani bayinokyula pa Antares, ndipo m'galasi lomwelo, mtunda wa chala chimodzi chakumadzulo kwake, muona kachifunga kena kozilala. Chinkhanira chikamatuluka kumene m'nyanja, kachifungako kamakhala pamwamba pa Antares. Ndi mulu wa M4, umodzi mwa milu yapafupi kwambiri ndi ife, wa zaka zoposa 12 biliyoni. Chinanso chonamiza ndi pulaneti ya Mars, imene imafiira ikakhalapo. Muidziwa poti siphethira ngati nyenyezi.

Magetsi akazima madzulo ena, m'malo mongotukwana, kumbukirani Walter Baade. Iye anali Mjeremani wogwira ntchito pa phiri la Mount Wilson, pafupi ndi Los Angeles. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anzake ambiri anapita ku ntchito za nkhondo, iye osaloledwa poti anali wa dziko la adani, ndipo mzinda wa m'munsimo unkachepetsa magetsi usiku poopa ndege za mabomba. Anatsala ndi telesikopu ya galasi la mamita 2.5 ndi thambo lakuda bii. Anajambula pakati pa mlalang'amba wa Andromeda mpaka nyenyezi zake zinapatukana, ndipo mu 1944 analengeza kuti zowala kwambiri pamenepo ndi zimphona zofiira zonga za m'milu yobulungira, osati zabuluu zonga za m'mphepete. Apo ndi pamene anthu anayambira kusiyanitsa mibadwo iwiri ya nyenyezi, yakale ndi yatsopano.

Mulu wachiwiri pa kuwala, 47 Tucanae, uli ndi nthawi yakeyake. Madzulo umakwera bwino kumapeto kwa Okutobala cha m'ma 10 koloko ndi mu Novembala cha m'ma 8 kapena 9, koma nthawi imeneyo utsi ndi mitambo ya mvula yoyamba zimasokoneza. Njira yabwino ndi kuudzukira. Kumapeto kwa Julaye ndi mu Ogasiti, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, amayi okachingamira maboti padoko ali kale maso, ndipo thambo likadali loyera. Yang'anani kum'mwera, zibakera zitatu kuchokera pansi. Muona kamtambo koyera kamene mphepo siikusuntha, ndipo chakumanzere kwake, m'munsi pang'ono, mtambo wina wokulirapo. Imeneyo ndi milalang'amba ina iwiri yoyandikana nafe, Mitambo ya Magellan. Pambali penipeni pa kamtambo kakang'onoko pali kanyenyezi kofufuma, ndiye 47 Tucanae. Ngakhale zikuoneka zogundana, muluwo ndi wathu, kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 15,000, pamene kwa kamtamboko kwayenda zaka pafupifupi 200,000. Nicolas-Louis de Lacaille anauona ali ku Cape mu 1751. Pa bayinokyula ndi wocheperako poyerekeza ndi Omega Centauri, koma pakati pake ndi powala mothinana kwambiri. Afunseni ana anene okha kusiyana kwake musanawauze.

Mwana wa sukulu akhale ndi kope lakelake. Alembe tsiku, nthawi, mmene mwezi unalili, ndi chimene waona, ajambulenso ndi pensulo, kachifunga akufufuta ndi chala. Akapitiriza mpaka Ogasiti, n'kumasesa ndi bayinokyula m'dera lowala kwambiri la mlalang'amba kuseri kwa mchira wa Chinkhanira, apeza tizifunga tina tambiri, kuphatikizapo mulu wa M22, ndipo adzadabwa kuti milu yobulungira yachulukira mbali imodzi ya thambo. Harlow Shapley anadabwa ndi chomwecho, nayeza mitunda ya miluyo, ndipo mu 1918 anaonetsa kuti dzuwa silili pakati pa mlalang'amba. Pakati pake ndi kumene miluyo yaunjikanako, mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 26,000.

Bayinokyula kunyanja adani ake ndi mchenga ndi chinyezi. Musaiike pansi, ikhale m'khosi. Musapukute galasi ndi chitenje kapena malaya. Uzirani kaye mchenga uchoke, kenako kansalu kofewa koyera. Ikalowa m'nyumba itanyowa ndi mame, isiyeni pamtunda iume musanaitsekere m'chikwama, apo ayi nkhungu imera m'kati mwa magalasi ndipo kuichotsa n'kovuta. Masana ibiseni pamene ana sangafike. Mwana akangoloza nayo dzuwa, ngakhale kamphindi, diso limapsa ndipo silichira.